Kombi yanga ikudonthabe oyilo ngakhale ndasintha sili kawiri

Mwini Kombi ya 71:
Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi vuto lomwe landisowetsa mtendere kwa chaka chathunthu. Ndili ndi Volkswagen Kombi yogonamo ya 1971, injini ya 1600, ija yozizira ndi mpweya. Ndinaigula ikudontha kale pang'ono, koma panopa ndikaimika usiku umodzi, m'mawa ndimapeza chithaphwi cha oyilo pansi, cha pomwe injini imakumana ndi giyabokosi. Sili (labala wotchinga oyilo) ya ku flywheel, gudumu lolemera lomwe kilatchi imagwirapo, yasinthidwa kawiri. Ulendo woyamba anandisinthira makaniko, inagwira miyezi itatu. Wachiwiri ndinatsitsa injini ndekha n'kuika yatsopano mosamala kwambiri, koma sinathe ndi makilomita 1,000 omwe. Magasiketi a pa zivundikiro za ma valve ndinasinthanso. Ndikuthira pafupifupi theka la lita pa makilomita 400 aliwonse. Ndisanatsitsenso injini kachitatu ndati ndifunse kaye kwa inu odziwa. Kodi ndikugula masili achabechabe, kapena pali chomwe sindikuchiona? Galimotoyi timagonamo ndi ana tikakhala pa ulendo, ndiye fungo la oyilo wopsa lomwe likulowa mkati likundidetsa nkhawa.

Wapaulendo:
Achimwene, injini zimenezi zonse zimadontha. Yanga yadontha kuyambira tsiku lomwe ndinaigula ndipo ikuyendabe. Muziyenda ndi chigubu cha oyilo kuseri kwa mpando, muziyang'ana m'mawa uliwonse, basi.

Che Sipanala:
Pepani achimwene ndi vutolo. Koma a Wapaulendo, pamenepo sindikugwirizana nanu. Kunyowa pang'ono kuzungulira sefa ya pansi, inde, ambiri timakuona. Theka la lita pa makilomita 400 si kunyowa ayi. Injini ya 1600 imalowa malita 2.5 okha, ndipo popeza mulibe madzi, oyilo yemweyo ndi amene amathandizana ndi mpweya kuchotsa kutentha. Akachepa amatentha msanga, akatentha amasanduka wamadzimadzi, ndiye amatuluka kwambiri kuposa poyamba. Tsiku limodzi loiwala kuyang'ana, injini yatha.

A Mwini Kombi, ndiyankheni izi. Oyilo wapansiyo mwamununkhiza? Wa mu giyabokosi amakhala ndi fungo loipa la sulufule, wa mu injini alibe. Giyabokosi nayo ili ndi sili yake pa shafiti yolowa mu kilatchi, ndipo ikatha oyilo wake amatulukira pamalo omwewo. Kenako, mbali yomwe yanyowa kwambiri ndi iti, kumanzere kapena kumanja? Ndipo pamene munachotsa flywheel, munayeza mmene crankshaft, shafiti yaikulu ya injini, ikusewerera kutsogolo ndi kumbuyo?

Mwini Kombi ya 71:
Zikomo Che Sipanala. Ndi wa mu injini, ndi wakuda ndipo alibe fungo limenelo. Kumanzere ndi komwe kwanyowa kwambiri, koma pansi ponse ndi matope okhaokha a oyilo ndi fumbi. Za kuyeza crankshaft sindinachite, ndipo kunena zoona sindimadziwa kuti imayezedwa. Ndinangozula sili yakale, kupukuta, kukhomera yatsopano.

Mayi Westfalia:
Musamasule kanthu kaye bambo. Pomwe oyilo akudonthera si pomwe akuchokera. Fani imakankha mpweya kuchokera pamwamba kupita pansi, galimoto ikamayenda mphepo imamumwazanso, ndiye amayenda ulendo wautali asanagwe. Ine ndinasinthitsa sili ya flywheel pachabe, vuto lili pa kaswitchi ka nyale ya oyilo.

Tsukani injini yonse ndi palafini ndi burashi, pamwamba ndi pansi, mpaka chitsulo chioneke. Phimbani distributor ndi kabuleta. Ikauma bwinobwino, ilizeni mphindi khumi galimoto itaima, zimitsani, lowani pansi ndi tochi. Mukapanda kuona kanthu yendani makilomita asanu okha n'kuyang'ananso. Ine ndimawaza paudala wa ana pamalo omwe ndikukayikira, oyilo akangotuluka amajambula kanjira kakuda pa paudalayo ndipo mumakatsatira mpaka pamwamba. Muikenso katoni yoyera pansi usiku.

Mnyamata wa Galaja:
Akulu, bwanji osangopaka silikoni wofiira uja kuzungulira sili ndi magasiketi onse? Palinso mankhwala othira mu oyilo otseka podontha. Abwana anga amagwiritsa ntchito pa magalimoto ambiri ndipo makasitomala sabweranso ndi vutolo.

Che Sipanala:
Mphwanga, pa injini iyi silikoni usamale naye kwambiri. Ukamanga, wotsala amafinyikira mbali ziwiri, kunja komwe ukumuona ndi mkati komwe sukumuona. Wamkatiyo amaduka tizidutswa n'kumayenda ndi oyilo. Injini ya 1600 ilibe fyuluta, ili ndi sefa ya waya yokha. Ndinatsegulapo injini yomwe sefa yake inadzaza ndi timizere tofiira, bering'i zonse zitapsa. Mankhwala othirawo ntchito yake ndi kufufumitsa labala. Sili yomwe yauma mpaka kung'aluka singabwerere, ndipo ngati chikuipha ndi china, mankhwalawo sachikhudza n'komwe.

Mnyamata wa Galaja:
Ndamva akulu. Za kusowa kwa fyuluta sindimadziwa.

Agogo a Ma Beetle:
Ndawerenga zonse. Mwanangu wa Kombi ya 71, sili ziwiri zatsopano sizingafe motsatizana popanda chozipha. Yankho lomwe wapereka kwa Che Sipanala, loti sunayeze, ndi lomwe landiimitsa.

Crankshaft imasewera pang'ono kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo iyenera kutero kuti oyilo apeze polowa. Koma kusewerako kuli ndi malire: pakati pa 0.07 ndi 0.13 mm, ndipo kukafika 0.15 mm ndiye kuti kwatha. Ndi kochepa kwambiri, ngati kukhuthala kwa pepala. Chomwe chimasunga mpata umenewu ndi timashimu titatu topyapyala tomwe timakhala pakati pa flywheel ndi bering'i yaikulu yoyamba, kuseri kwenikweni kwa sili ija. Nthawi iliyonse ukaponda kilatchi umakankha crankshaft yonse, ndipo mphamvu imeneyo imathera pa mashimuwo ndi pa phewa la bering'i. Zaka zikamapita zimadyeka. Tsono mlomo wa sili umakhala pa khosi la flywheel. Ngati khosilo likungolowa n'kutuluka, mlomowo umapukutika uku ndi uku, ndipo oyilo amapopedwa kunja pang'onopang'ono. Ungagule sili yabwino bwanji, idzafa basi.

Yesa izi lero lomwe, sizifuna chida. Injini itazima, giya ili pa fulii, gwira pule yaikulu ya pansi ndi manja awiri, koka, kankha mwamphamvu. Pa injini yabwino umangomva kakugunda kakang'ono m'manja, maso saona kanthu. Ukaona pule ikusuntha, kapena ukamva kuti gu gu, wapeza wakupha sili zako.

Ndikufunsenso china. Mkati mwa flywheel, pomwe imavala crankshaft, muli kalabala kozungulira, O-ring. Unasintha? Ambiri sadziwa n'komwe kuti mulimo. Kakauma, oyilo amadutsa mkati osakhudza sili ija, n'kutulukira pakati pa flywheel kupita pa kilatchi.

Mwini Kombi ya 71:
Agogo, O-ring imeneyo sindinaione. Inabwera mu paketi ya magasiketi, ndinaisiya poganiza kuti ndi ya injini ina. Pule ndakoka, ikusuntha ndithu ndipo ikugunda. Loweruka nditsuka monga anenera Mayi Westfalia ndisanachite china chilichonse.

Wapaulendo:
Nanenso ndakoka yanga. Ikusuntha moti ndikuona ndi maso ndili chiimire. Zandiopsa.

Agogo a Ma Beetle:
A Wapaulendo, yanuyo musaichedwetse. Ikafika pooneka muli chiimire, kawirikawiri si mashimu okha.

Mwini Kombi ya 71:
Ndabweranso abale. Ndatsuka, zinanditengera maola anayi. Nditaliza injini mphindi khumi, pa sili ya flywheel panali pouma. Koma kumanzere, pamwamba pa buloko, kutsogolo kwa chivundikiro cha fani, oyilo anayamba kutsika ngati misozi, kudutsa pambali pa silinda 3, kenako kutsata msoko wa giyabokosi mpaka pansi. Nditayenda makilomita khumi, panatulukanso dontho lina kuchokera mkati mwenimweni, pa kampata ka pansi pa flywheel. Machubu awiri a ma pushrod (timitengo tachitsulo tokankha ma valve) a kumanzere nawonso anyowa kumapeto kwake, ndipo oyiloyo akugwera pa bokosi la hita. Ndiye fungo lija ndalipeza komwe likuchokera. Zikuoneka kuti malo ndi atatu, osati amodzi.

Che Sipanala:
Mwagwira ntchito yabwino. Cha pamwambacho ndi masili a oil cooler, choziziritsira oyilo. Kuyambira 1971 cooler anaichotsa mkati mwa chivundikiro cha fani n'kuiika m'kanyumba kake kutsogolo, chifukwa pa injini zakale mpweya wotentha wochokera pa cooler unkapita pa silinda 3 ndipo inkapsa kuposa zinzake. Cooler ya mtundu watsopanowu imakhala pa kachitsulo kolumikizira, ndiye masili ake ndi anayi: awiri pakati pa buloko ndi kachitsuloko, awiri pakati pa kachitsuloko ndi cooler. Anthu ambiri amasintha awiri okha. Mugule oyenera injini yanu, chifukwa mabowo a oyilo pa buloko zakale ndi a 8 mm pomwe pa zatsopano ndi a 10 mm, ndipo paketi imabwera ndi mitundu ingapo. Mukaika olakwika amafinyika n'kutseka njira ya oyilo, kapena amang'ambika tsiku loyamba. Musapake kanthu pa masili amenewa.

Cooler yomwe muiyezetse ndi mpweya itamizidwa m'madzi. Nthawi zina imang'aluka pansi pake ndipo anthu amanamizira masili.

Mayi Westfalia:
Za machubu a ma pushrod musadandaule, ndi ntchito ya masana amodzi. Mumachotsa chivundikiro cha ma valve, ma rocker, kawaya kogwira machubu, n'kusolola chubu kudzera mu hedi. Kuika ma O-ring atsopano a Viton, basi. Ine ndinachita injini ili m'galimoto momwemo.

Che Sipanala:
Mayi, yanu ndi ya chaka chanji?

Mayi Westfalia:
Ya 1978, ya malita awiri.

Che Sipanala:
Ndiye ndi injini yosiyana. Yanuyo ndi Type 4, yomwe inayamba kulowa mu Kombi mu 1972, ya 1700, kenako 1800 ndi 2000. Pa imeneyo zomwe mwanenazo ndi zoona ndithu. Koma pa 1600 ya achimwenewa machubu amapanidwa pakati pa hedi ndi buloko. Kumapeto kwake kuli mapindi ngati a kodiyoni, ndipo hedi ikamangidwa mapindiwo amafinyika n'kukankha sili. Kuti mutulutse chubu chonse osachidula, hedi iyenera kuchoka. Machubu ndi 8, masili ndi 16.

Mayi Westfalia:
Zikomo pondikonza, ndikanawasocheretsa. Ndinkayesa kuti zonse ndi chimodzimodzi.

Mnyamata wa Galaja:
Koma alipo machubu a sipuling'i omwe amalowa hedi isanachoke. Amenewo bwanji?

Che Sipanala:
Alipo, ndipo panjira amapulumutsa, chubu chikaphwanyidwa ndi mwala. Koma injini ikutsika kale chifukwa cha flywheel, ndiye palibe chifukwa chodulira njira. Ine ndimaika machubu atsopano wamba, msoko wake utayang'ana kumwamba. Akale ena amawakoka kuti mapindi atambasuke, zimatheka, koma ngati achita dzimbiri musavutike nawo.

Agogo a Ma Beetle:
Mwanangu, tsopano ima kaye uganize. Masili a cooler afa, a machubu afa, ya flywheel yafa kawiri. Ya flywheel tapeza chifukwa chake. Nanga enawa? Labala wa pa injini amafa ndi ukalamba, inde, koma amafa msanga kwambiri ndi kutentha. Ukadzawachotsa uwapinde ndi zala. Akathyoka ngati pulasitiki, dziwa kuti injini yako yakhala ikupsa.

Tsegula chitseko cha injini undiuze. Labala wamkulu wozungulira injini, wotseka mpata pakati pa malata ndi bodi, alipo? Ukayang'ana pansi, ukuona msewu penapake? Malata onse alipo, kuphatikizapo ang'onoang'ono a pansi pa masilinda? Timalabala ta pa mawaya a mapulagi totseka mabowo tilipo? Thermostat ilipo pansi kumanja?

Mwini Kombi ya 71:
Labala wozungulira watsala theka, mbali ya kumbuyo kulibiretu, msewu ndikuuona bwinobwino pamwamba pa ekizozi. Timalabala ta mapulagi tatsala tiwiri. Thermostat palibe, pali bulaketi yokha. Amene anandigulitsa anati anachotsa dala kuti injini izizizira bwino.

Agogo a Ma Beetle:
Ndi zimenezotu. Injini imeneyi anaipanga kuti pamwamba ndi pansi pakhale zipinda ziwiri zosiyana. Fani imayamwa mpweya wozizira kuchokera m'chipinda cha pamwamba, imaukankha kudutsa m'masilinda ndi mahedi, wotentha umatulukira pansi. Labala uja akachoka kumbuyo, fani imayamwanso mpweya womwe wangotuluka kumene, kuphatikiza wa pa ekizozi. Ndiye ukuziziritsa injini ndi mpweya wotentha. Pa Beetle mwina ungapulumuke kwa kanthawi chifukwa ndi yopepuka. Kombi yogonamo yanyamula bedi, makabati, madzi, anthu, ndipo kutsogolo kwake ndi khoma lolimbana ndi mphepo. Injini imagwira ntchito yolemetsa nthawi zonse.

Wapaulendo:
Koma Agogo, za thermostat ine ndimaona kuti kumalo otentha ilibe ntchito. Nanga si imangotseka mpweya?

Agogo a Ma Beetle:
Imatseka injini ikadali yozizira basi, kuti ifunde msanga. Ikafunda imatsegula zitseko zonse. Injini yochedwa kufunda imadya ma ring'i ndi masilinda, ndipo petulo ndi chinyezi zimatsalira mu oyilo. Chachiwiri chomwe anthu saganizira: tizitseko ta mkati mwa chivundikiro cha fani, tikatseguka, timalondolera mpweya ku mahedi komwe kumatentha kwambiri. Wochotsa thermostat nthawi zambiri amachotsanso tizitsekoto, ndipo mpweya umangopita mwachisawawa. Ngati thermostat yasowa, tizitseko tikhalepobe, utimange totsegula.

Wapaulendo:
Pa yanga ndayenda zaka zinayi popanda, sindinaone vuto. Komabe za tizitseko ndamva, ndikayang'ana ngati tilimo.

Dokotala wa Kabuleta:
Ndilowererepo pang'ono. Kutentha sikuchokera ku malata okha. Taimingi (nthawi yomwe mapulagi amathetheka) ikapitirira, kapena petulo akamachepa chifukwa mpweya ukulowera pa malabala ong'aluka a manifold (paipi yochoka ku kabuleta kupita ku mahedi), mahedi amapsa ngakhale malata onse alipo. Ma valve nawonso, mpata wake ndi 0.15 mm injini itazizira, akathina amatentha. Ndipo ikani dzanja kuseri kwa fani injini itazima. Ndinatulutsamo kansanza komwe kanatseka pafupifupi theka la fani, mwiniwake osadziwa.

Chinanso choti muyeze musanatsitse injini ndi mpweya wa mkati mwa buloko. Ma ring'i akatha, utsi umadutsa m'mbali mwa pisitoni n'kudzaza m'buloko, ndipo umafuna potulukira. Umakankha oyilo pa sili iliyonse. Injini ya 1600 ku pule kulibe sili n'komwe, kuli kambale kobweza oyilo ndi mizere yozungulira pa khosi la pule yomwe imamukokera mkati. Ndiye ngati kuseri kwa pule kukunyowa, ndi chizindikiro choti mpweya wachuluka. Onani paipi yopumira yochoka pothirira oyilo kupita ku air cleaner ngati sinatsekeke kapena kupindika. Muyezenso kompuresheni panopa injini ikadali yolira, chifukwa ikatsika simudzathanso kuyeza yotentha.

Mwini Kombi ya 71:
Kompuresheni ndayeza: 8.5, 8.5, 8 ndi 8.5 bar, yotsikayo ndi silinda 3. Kuseri kwa pule ndi kouma. Paipi yopumira inali yofewa ndi yophwatalala pakati, ndasintha.

Dokotala wa Kabuleta:
Manambala amenewo ndi abwino, ayandikana. Ma ring'i asiyeni. Nunkhizaninso oyilo pa kachitsulo koyezera. Pampu ya petulo ikabooka mkati imathira petulo m'buloko, oyilo amachuluka yekha n'kusungunuka, ndipo amadutsa paliponse.

Mwini Kombi ya 71:
Palibe fungo la petulo. Funso lina: mnzanga akuti ndithire oyilo wokhuthala kwambiri kuti asamatuluke. Zingathandize?

Che Sipanala:
Dontho lingachepe pang'ono, koma mukhala mutabisa matenda. Ndipo pali choopsa chake. Pansi pa buloko pali kapisitoni ka sipuling'i komwe kamaona puresha ya oyilo. Puresha ikakwera kamaganiza kuti oyilo ndi wozizira, ndiye kamamulambalalitsa cooler. Oyilo wokhuthala mopitirira amasunga puresha pamwamba nthawi yaitali, motero amachedwa kulowa mu cooler. Buloko yanu ili ndi timapisitoni tiwiri totere. Injini ikatsika mutitulutse, mutitsuke, muone ngati tikuyenda momasuka. Kamodzi kakamatirira, puresha ya m'mawa imakwera kwambiri ndipo imaphulitsa masili a cooler omwe mwangoika kumene.

Mwini Kombi ya 71:
Injini yatsika. Ndabwereka dial gauge (geji yoyezera kusewera kochepa kwambiri), kusewera kwa crankshaft ndi 0.22 mm. O-ring ya mu flywheel inali youma ngati waya, inathyoka ndikuichotsa. Pa khosi la flywheel pali kamzere komwe chikhadabo chikukodwamo. Kilatchi yanyowa oyilo. Masili a cooler awiri apansi anali osweka. Agogo, ndingogula mashimu okhuthala?

Agogo a Ma Beetle:
Usathamange. Pali funso limodzi lomwe liyenera kuyankhidwa kaye: chikusewera ndi crankshaft mkati mwa bering'i, kapena bering'i yonse ikusewera mkati mwa buloko? Buloko ya injini imeneyi ndi ya magnesium, chitsulo chofewa, ndipo ikapsa kwa zaka bering'i imakumba malo ake n'kukhwefuka. Chotsa sili ndi mashimu, uwalitse tochi pa phewa la bering'i, wina akoke ndi kukankha pule. Uyesenso kuikankha ndi chala kapena kamtengo. Ikasuntha ngakhale pang'ono, mashimu sangathandize. Ukathinitsa ndi mashimu pa bering'i yokhwefuka, geji idzakuonetsa nambala yabwino koma udzakhala utapana bering'iyo ku crankshaft, ndipo ikhoza kugwira. Zikatero njira ndi imodzi: kugawa buloko pakati, kukaiboola pa makina, kuika bering'i zokulirapo.

Ngati ili nji, ndiye uli ndi mwayi. Ika mashimu awiri, manga flywheel popanda sili, yeza, chotsera 0.10 pa nambala yomwe wapeza, yotsalayo ndiyo kukhuthala kwa shimu yachitatu. Akhale atatu nthawi zonse, osati awiri kapena anayi. Ukaika onse atatu yezanso, kenako ndiye sili.

Flywheel ili kunja choncho, yang'ananso kachivundikiro kozungulira ka camshaft pansi pa sili, timapulagi ta njira za oyilo, ndi khoma la buloko kuseri kwa silinda 3. Pamenepo pamakonda kung'aluka. Pukuta pauma, uyang'ane ndi tochi mofatsa.

Mwini Kombi ya 71:
Tayesa ndi mkazi wanga, iye akukoka pule ine ndikuyang'ana. Bering'i sikusuntha. Mng'alu sindinaupeze, kachivundikiro ka camshaft ndi kouma. Mashimu akale ndi odyeka moonekeratu, imodzi yapindika m'mphepete.

Agogo a Ma Beetle:
Ndasangalala nawe mwanangu.

Che Sipanala:
Flywheel ya kamzereyo musaibwezeremo choncho, idzadya sili yachitatu. Pezani ina ya khosi losalala, ndipo muyeze mashimu ndi flywheel yomwe mugwiritse ntchitoyo, osati yakale. Sili ilowe mowongoka mpaka ikhale pansi pa malo ake, mlomo wake mupake oyilo kuti isayambe kuzungulira pouma. O-ring nayonso oyilo pang'ono. Nati yaikulu ya pakati, ya 36 mm, imafuna mphamvu yoposa manati onse pa injiniyi, cha m'ma 300 Nm (muyeso wa kuthina kwa nati) kupita m'mwamba, muone buku la chaka cha injini yanu. Musayerekeze ndi mkono. Ikakhwefuka, flywheel imagwedezeka pa timapini tinayi tija n'kuwononga crankshaft. Mbale ya kilatchi yonyowa musinthe, siitsukika.

Pa mahedi, manati amamangidwa 32 Nm potsata ndondomeko ya m'buku, pang'onopang'ono, uku mukuyang'ana kuti masili onse a machubu akhala pakati. Nati ina ikamangozungulira osafika, ndiye kuti stud, chitsulo cha mazinga chomwe natiyo imamangidwapo, ikuzuka mu buloko, imani pomwepo mudzatiuze.

Mayi Westfalia:
Mabokosi a hita muwatsuke mkati ndi kunja asanabwerere. Oyilo amalowerera m'menemo ndipo fungo limapitirira miyezi ngakhale kudontha kutatha. Muonenso ngati sanabooke, chifukwa utsi wa ekizozi ukalowa m'galimoto yomwe muli ana ndi nkhani ina yoopsa kuposa oyilo. Mapaipi a petulo nawonso musinthe injini ili pansi, labala wozungulira uja amalowanso mosavuta nthawi yomweyi.

Mwini Kombi ya 71:
Abale, papita milungu isanu ndi iwiri, ndabwera kudzanena mmene zathera. Kusewera kwa crankshaft tsopano ndi 0.10 mm. Flywheel ina, O-ring, sili, kilatchi, masili anayi a cooler, machubu asanu ndi atatu atsopano, labala wozungulira, timalabala ta mapulagi. Tizitseko ta fani tinalimo, ndapeza thermostat ndaika ndipo ikutsegula. Kapisitoni kamodzi ka puresha kanali kolimba, ndinachita kukakoka. Bokosi limodzi la hita linali lobooka, zikomo Mayi Westfalia, sindikanayang'ana.

Tayenda makilomita 1,500 ndi katundu yense. Oyilo watsika pang'ono chabe pa kachitsulo koyezera, sindinathirepo. Pansi pa flywheel pouma, machubu ouma, fungo m'galimoto latha. Chatsala ndi kadontho kamodzi pa katoni m'mawa, kochokera pa mbale ya sefa ya pansi. Ndamanga manati ake kawiri koma sikakusiya.

Che Sipanala:
Musamangenso, kumangako ndi komwe kukukulitsa. Manati asanu ndi limodzi amenewo amafuna 7 Nm yokha. Akathinitsidwa, mbale imatukuka kuzungulira mabowo ndipo gasiketi siigwiranso pakati. Posintha oyilo ulendo ukubwerawu chotsani mbaleyo, muiike pa galasi muone ngati yagona bwino. Ngati yatukuka, iwongoleni ndi hamala pa chitsulo chosalala kapena mupeze ina. Magasiketi awiri atsopano, wina pamwamba pa sefa wina pansi, ndi mawashala a kopa atsopano. Manati akhale aja otseka kumutu, chifukwa oyilo amatsika ndi mazinga a stud.

Mayi Westfalia:
Kwa a Type 4 omwe akuwerenga, sefa yathu ili ndi nati imodzi pakati, 13 Nm basi. Mukapitirira mumathyola buloko mkati, pafupi ndi camshaft.

Agogo a Ma Beetle:
Ukafika makilomita 5,000 posintha oyilo ndi kuyeza ma valve, ukokenso pule ija. Ngati kusewera kwabwerera msanga, ndiye kuti bering'i yayamba kuyenda m'buloko, udzatiuze tisanataye sili ina.

Wapaulendo:
Yanga ndatsitsa dzulo. Geji ikuonetsa 0.4 mm ndipo bering'i ikusuntha ndi chala. Agogo, ndikagawa buloko, ndi ziti zomwe ndiyenera kupita nazo kwa a makina, buloko yokha kapena ndi crankshaft yomwe?

Agogo a Ma Beetle:
Zonse ziwiri, pamodzi ndi flywheel ndi bering'i zakale. Musagule bering'i zatsopano asanayeze, chifukwa saizi yake imadalira zinthu zitatu: mmene aboolere buloko, mmene apalire crankshaft, ndi mmene adulire phewa la bering'i yoyamba. Muwapemphenso ayang'ane mng'alu kuseri kwa silinda 3 asanayambe ntchito ina iliyonse.